Kukachotsetsa Nkhanu ku Zomba

Ku Senga Bay konse panalibe munthu wonditchula dzina langa la ubatizo. Ndinali a Tsitsani, chifukwa mawu amenewo ankatsogola pakamwa panga moni asanatuluke. Asodzi akakocheza ndi usipa wa ku Mbenji n'kundiona ndikubwera ndi dengu, ankayambiratu kudandaula ndisanafike. Ena amati ndinanenerera ngakhale nkhuku ya pa chinkhoswe changa chomwe. Limenelo ndi bodza. Nkhukuyo inali yowonda, ine ndinangonena chilungamo.

Ulendo ndikufuna kusimbawu tinauyenda nkhondo yaikulu yachiwiri itatha, chitaganya chisanabwere. Mwana wathu wachiwiri, Lute, anali woyamwa, atangoyamba kuimirira chogwira. Iyeyo ndiye anayamba kuona vuto. Anangoyamba kukana bere lamanzere la amake. Akamupatsa, amatembenuza mutu ngati munthu amene wapatsidwa chambo cha dzana. Amake atalipapasa anapezamo chotupa cholimba ngati mwala, chosapweteka.

Dokotala wachizungu ankabwera pa kachipatala ka pa Salima mwa apo ndi apo. Tsiku limene anabwera tinakakhala pamzere. Anapapasa berelo, anapapasa m'khwapa, kenako anayankhula nthawi yaitali ndi womasulira wake. Womasulirayo anakanda kumutu.

"Akuti matendawa pa Chingerezi ndi khansa. Pa chiyankhulo chathu..." Anayang'ana kudenga. "Kusukulu tinamva kuti mawu amenewa tanthauzo lake ndi nkhanu. Akuti imadya munthu m'kati, ndipo mukachedwa imayenda. Mupite ku chipatala chachikulu ku Zomba, akachotse bere lonse. Musadikire kukolola."

Amake Lute, mwana wa msodzi wokulira m'madzi, anapendeketsa mutu n'kufunsa kuti, "Nanga yalowera pati?"

Funsolo silinafike kwa dokotala, chifukwa kumbuyo kwathu mzere unali wautali.

Njira yachidule inali ya sitima, koma mvula yomaliza inali itakokolola njanji penapake kumwera, ndipo panalibe wodziwa tsiku lodzayambanso kuyenda. Tinatsala ndi njira yozungulira: kukwera mapiri mpaka ku Lilongwe, kenako kutsika ndi basi. Amalume a akazi anga anavomera ulendowo atatafuna mawu nthawi yaitali. Mwana wamkulu tinamusiya ndi apongozi. Lute anakwera kumsana.

Pa Salima tinapeza lole ya mmwenye wina yopita ku Lilongwe ndi matumba a mpunga. Dalaivala atatchula mtengo ndinamuuza kuti akazi angawa ndi opepuka, ine ndine wowonda, ndipo mwanayu adzathandiza kudzutsa anthu kuti asagwe m'galimoto. Anachotsako pang'ono kuti ndingokhala chete. Sindinakhale chete.

Apa ndinene za mantha anga. Munthu wina akaopa amanjenjemera, wina amatsegula m'mimba. Ine mantha amatulukira pakamwa. Paliponse pamene lole inaima ndinkatsika kukanenerera zinthu zimene sindinkazifuna. Tisanafike n'komwe kumapiri ndinali nditagula mpini wa khasu, chipewa cha mlaza chosandikwana, ndi nthochi zosapsa. Ndikasiya kuyankhula, maganizo amodzi okha ndi amene ankabwera. Ine ndinali mkamwini. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Mkazi akamwalira, maliro akatha, amakuthokoza bwinobwino, n'kukusudzula. Umanyamula mkeka wako n'kubwerera kwanu, ana ako n'kutsala akukuyang'ana pakhomo. Nkhanu imeneyi ikanadya munthu mmodzi, ine ndikanataya anthu atatu.

Amake Lute mantha awo sindinawaone. Iwo ankangofunsa mafunso. Anafunsa dalaivala chifukwa chimene galimoto imalirira mosiyana pokwera ndi potsika. Anafunsa chifukwa chimene anthu a kumtunda amamangira nkhokwe zazitali chotero. Anali asanapitepo kupyola pa Salima, ndipo ankayang'ana chilichonse ngati akuchisankha pamsika.

Pa chitunda cha ku Mvera lole inatsokomola, inawira, n'kuima. Amuna tonse tinalumpha kukaika miyala kumbuyo kwa matayala. Madzi othira mu injini anali kutali kuchigwa, ndiye tinakhala pamthunzi kudikira, dzuwa n'kumasendera.

Pamthunzipo tinadziwana ndi Che Bwanali, telala wa ku Khombedza, amene anakumbatira makina ake osokera njira yonse ngati mkazi wachiwiri. Atafunsa kumene tikupita, ine ndinati tikukaona abale. Amake Lute anati, "Tikukachotsetsa nkhanu. Ili m'bere muno."

"Subhanallah!" Che Bwanali anasendera pafupi. "Yamoyo?"

"Akuti imadya ndipo imayenda. Yakufa ingayende?"

"Mumaimva ikamapana?"

"Ayi. Yangoti phee. Ndiye zikundidabwitsa. Nkhanu ine ndazigwira kuyambira ndili kamtsikana. Siikhala malo ouma. Mwina ikutsata mkaka."

Anakambirana ngati anthu awiri okonza ukonde umodzi. Che Bwanali anati anamvapo kwa munthu wa ku Nkhotakota kuti matenda odya munthu amawanyengerera: umamangirira kanyama pamalopo kuti chilombocho chizidya nyamayo, chisiye mwini wake.

"Imeneyo ndi nyambo," anatero amake Lute, maso akuwala. "Nkhanu siituluka ku una ndi ndodo. Imatuluka ndi fungo."

"Koma ikhale nyama yochinja bwino, mayi. Musaipatse zakufa zokha."

"Che Bwanali, nkhanu ya ku Senga Bay imadya matumbo a nsomba owola. Mwayamba liti kuisankhira?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka mokweza kuposa onse. Kunena zoona, nzeruyo inandikomera. Chinthu chimene chimalandira nyambo ndiye kuti n'chotheka kukambirana nacho.

Ku Lilongwe tinafika fumbi lili mpaka m'makutu. Tinagona kwa msuweni wanga wina wogwira ntchito m'sitolo. Basi ya kumwera anati inyamuka mawa. Mawa litafika anati mawa linanso, chifukwa inali kudikira chitsulo china chochokera ku Limbe. Ndinaona kuti mawa la anthu a basi ndi lofanana ndi la munthu amene watenga nsomba zako pangongole.

Tsiku lodikiralo ndinapita kumsika wa m'mbali mwa mtsinje kukagula chiwindi cha ng'ombe. Wogulitsa anandifunsa ngati ndi chokazinga kapena chootcha. Ndinati ndi cha mlendo wosaitanidwa, choncho atsitse. Amake Lute anachikulunga m'kansalu n'kuchimangirira pa bere lodwalalo, m'kati mwa bulauzi. Madzulo anachimasula, tonse awiri n'kuchiyang'anitsitsa pofuna kuona mano.

"Apa pakuoneka ngati pachepa," ndinatero.

"Pamenepo ndi pamene munakanganirana ndi wogulitsa uja. Anadulapo."

"Ndiye kuti ndi yamanyazi. Sinazolowere za m'tauni."

Tinachibwezera pomwepo.

Basi itanyamuka inali yodzaza mpaka pakhomo: nkhuku pansi pa mipando, njinga padenga, ndi anyamata opita kukalembetsa ntchito ku migodi amene ankaimba ngati akupita ku ukwati. Ife tinapanikizana kumbuyo ndi mpini wanga wa khasu, umene unkagogoda aliyense wodutsa. Pa Nathenje tayala linaphulika. Pa Linthipe tinatsika tonse kuti basi ikwere yopepuka, ife n'kumaitsatira pansi ngati operekeza maliro.

Ku Dedza kuzizira kunatilandira. Ife a kunyanja tinkayesa kuti kuzizira timakudziwa. Anthu anatseka mawindo onse, ndipo pamenepo m'pamene chiwindi chija chinayamba kudzidziwitsa. Poyamba anthu ankayang'ana Lute. Mayi wina anati, "Mumusinthe mwanayo." Amake anamutembenuza, mwana ali wouma bwinobwino. Kenako anayamba kuyang'ana ine. Titatsika kukagula mbatata yootcha, galu wina anasiya anthu onse a m'basi n'kumatsatira amake Lute okha, mwaulemu ndithu, mchira ukugwedezeka.

Amene anali nafe pampando umodzi anali bambo wina wamtali wa jekete la usilikali, amene aliyense ankangomutchula kuti a Kopolo. Ankapita ku Zomba kukafunsa za penshoni yawo. Ku nkhondo ya ku Bama ntchito yawo inali yonyamula ovulala pa machira. Basi itanyamukanso anaweramira kwa ine n'kunena chapansipansi.

"Achimwene, pepani. Fungo ili ndimalidziwa. Mayiwa ali ndi bala? Ngati lafika pamenepa, musalibise."

"Si bala, a Kopolo," anayankha okha amake Lute. "Ndi nyambo."

Anawafotokozera zonse, kuyambira pa Lute kukana bere mpaka pa Che Bwanali. A Kopolo sanaseke. Amake Lute ataona kuti apeza munthu amene analowapo m'zipatala za azungu, anamukhuthulira mafunso onse amene anasunga. Kodi mankhwala ogonetsa aja amanunkha bwanji? A Kopolo anati ngati zipatso zowola zothira palafini. Kodi munthu amalota? Anati iwo atawachotsa chitsulo m'ntchafu sanalote kanthu, anangophethira n'kupeza kuti kwada ndipo mwendo wamangidwa. Kodi amasoka ndi ulusi wa telala? Anati wofanana nawo, koma telala amasoka bwino.

"Nanga nkhanuyo akaitulutsa, adzandionetsa? Ndikufuna ndidzaione kukula kwake."

A Kopolo anayang'ana pawindo. Kunja, mbali ina ya msewu inali dziko la Apwitikizi, mbali ina lathu, koma mbuzi zinkangodutsa osafunsa.

"Mayi," anatero, "mulibe nkhanu mmenemo. Ndi dzina chabe. Kwathu kuli munthu dzina lake Njovu, koma ndi wamfupi kuposa amuna anuwa. Dokotala wathu wa ku nkhondo anandiuzapo. Palibe chimene chinalowa. Ndi mnofu wa munthu mwini wake umene umayamba kukula mosamvera. N'chifukwa chake amachotsa ponse pamene wafika."

"Mnofu wanga womwe?"

"Wanu womwe."

A Kopolo ankayesa kuti akuwatonthoza. Ndani angakonde kuyenda ndi chilombo m'chifuwa? Koma ine ndinaona nkhope ya amake Lute ikuzima ngati nyali yothera mafuta. Analowetsa dzanja m'bulauzi, anamasula kansalu kaja, anatsegula windo n'kukataya kunja. Anthu anapuma mpweya wabwino, wina mpaka anati zikomo.

Kuchokera pamenepo mpaka pa Ntcheu sanafunse funso. Pa Ntcheu tinagona pakhonde la sitolo, m'mawa tinatsika zitunda kulowa m'chigwa chotentha, tinadutsa pa Balaka, osafunsa funso. Tinaona mitengo ya malambe yonga ya kwathu, ndinawalozera, anangogwedeza mutu. Ndinagula chikwanje chopanda chogwirira kuti mwina andikalipire. Sanandikalipire. Apa m'pamene ndinadziwa kuti masiku onse aja sanali opanda mantha. Anali ndi mdani amene ankamudziwa makhalidwe ake, ndipo a Kopolo, mwa ubwino wawo, anawalanda mdaniyo.

Pa Liwonde panalibe mlatho masiku amenewo. Magalimoto ankawoloka Shire pa pantoni, chibwato chachikulu chafulati choyenda pa chingwe. Mtsinje unali wodzaza, pantoni inkayenda mwaulesi, ndipo patsogolo pathu panali malole a fodya ndi galimoto ya bwana wina imene sinkadziwa za mzere. Tinatsika kukadikira. Amayi ankagulitsa nsomba zowamba pamtengo woti kwathu akanawamanga, koma tsiku limenelo ndinangodutsa.

Amake Lute anakakhala pamphepete pa madzi, mwana ali pa bere lamanja. Ndinakhala pambali pawo.

"Madzi awa ndi akwathu," anatero. "Achokera kunyanja."

"Eya. Nawonso akupita kumwera."

"Abambo a Lute, nkhanu ndimaidziwa. Ukaigwira kumsana siingakupane. Ndimati akang'amba, aigwira, aitaya, basi. Koma ngati ndine ndemwe amene ndikudzidya, akachotsa bere, wotsalayo si ine yemweyo? Ndikafere patebulo la azungu, kutali, mwana wanga wamkulu osandiona, chifukwa cha chinthu chosagwirika?" Anapukuta pakamwa pa Lute ndi chala. "Tiyeni tibwerere. Uyu ayamwe mpaka pamene ndidzathere."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinawalimbitsa mtima ndi mawu anzeru. Ayi. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Kuyambira pa Salima ndinkafuna wina anene mawu amenewa. Kunyumba munthu amadwala pang'onopang'ono, umamuona m'mawa uliwonse. Ku Zomba akanatha kundilanda mkazi pa tsiku limodzi.

Ndipo ngati kuti wina anamva, pantoni inakocheza ndi lole imene ndinaizindikira. Dalaivala wake anali a Jailosi a ku Salima komweko, amene anandinyamulirapo madengu kambirimbiri. Ankabwerera kwathu opanda katundu.

"A Tsitsani! Mukutani kuno?"

Ndinawauza kuti tikufuna kubwerera, anthu awiri ndi mwana. Anayang'ana amake Lute, anayang'ana ine, n'kutchula mtengo. Unali mtengo wabwino, wachibale. Dzanja langa linali kale m'thumba, litagwira ndalama.

"Tsitsani," pakamwa panga panatero.

A Jailosi anaseka. "Simusintha inu. Chabwino, chotsani sheleni."

"Tsitsaninso. Lole ilibe katundu iyi. Ife tikuthandizani kuti isamadumphe."

"Chifukwa cha mayiwa, lipirani theka. Kwerani, dzuwa likupita."

Theka! Moyo wanga wonse ndinali ndisanagwetsepo munthu mofulumira chotero. Amake Lute anali ataimirira kale, akumanga mwana kumsana. Ndinawayang'ana mmene ankakokera nsalu ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere atalipanikiza pambali chifukwa m'khwapa munali mutayamba kulemera. Ku Salima sankachita zimenezo.

"Tiki," ndinatero, kutchula kandalama kosafika n'komwe pa sheleni. "Tonse atatu."

"Mwati bwanji?"

"Tiki imodzi. Ndipo pa Dedza mutigulire mbatata."

Anthu amene anali pafupi anayamba kusendera. A Jailosi anazimitsa kumwetulira.

"A Tsitsani, ine ndakuchitirani ulemu. Mwina mukufuna ndikulipireni ndine?"

"Zikhoza kutheka. Ndiponso matayala anuwa ndawaona. Munthu wokwera umu akuika moyo pachiswe, ayenera kulandira kenakake."

Dalaivala mungamutukwanire amake, akhoza kukukhululukirani. Koma osati matayala. A Jailosi analavula pansi, ananena mawu ena amene sindingalembe, anamenyetsa chitseko, lole n'kutisiyira fumbi.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Amake Lute ankandiyang'ana.

"Mwachita dala."

"Sindikudziwa."

"Musandinamize, abambo a Lute."

"Ndithu sindikudziwa. Dzanja limafuna kulipira. Pakamwa ndiye sindinapagwire."

Mpaka lero ndikulemba pano sindikudziwa. Mwina chinali chikondi, mwina matenda anga akale. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili m'maso koma osagwa. Kumbuyo kwathu a Kopolo anakuwa kuti basi ikukwera pantoni. Sindinawagwire dzanja. Malole ena opita kumpoto akanabwerabe, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Anawerama, anatola mpini wa khasu uja, anandipatsira. "Nyamulani chuma chanu," anatero, n'kutsogola kupita ku pantoni.

Tili pakati pa mtsinje, madzi akukankha chibwatocho cham'mbali, chingwe chikulira, ndinamva mawu awo kumbuyo kwanga. Ankayankhula ndi mmodzi wa amuna oyendetsa pantoni.

"Bambo, chingwechi chikaduka timakathera kuti?"

"Ku nyanja ya mchere, mayi, ngati ng'ona zavomera."

"Chinadukapo?"

"Chiyambire ine ntchito, ayi."

"Mwayamba liti?"

"Dzana."

Amake Lute anaseka mpaka mwana anadzuka. Ine ndinayang'ana kumbali, ngati ndikuwerenga mvuu.

Za Zomba ndilibe zambiri. Phiri lalikulu, mitengo yobzala m'mizere, asilikali paliponse. A Kopolo anatiperekeza mpaka pa chipata cha chipatala n'kupita kukamenya nkhondo yawo ya penshoni. Achipatala anatisunga masiku angapo, iwo m'chipinda cha amayi, ine pakhonde ndi anthu ena odikira odwala.

M'mawa wa tsiku lochotsa berelo dokotala anabwera ndi womasulira kudzafunsa ngati tamvetsa ndipo tavomera. Ndinaimirira, ndinavula chipewa chosandikwana chija.

"Muwauze bwana kuti tamva. Koma chotupacho chili mbali imodzi. Bwanji achotse theka, theka atisiyire? Mwanayu akadali wamng'ono."

Womasulira anamasulira. Dokotala anapukusa mutu n'kunena mawu ochepa.

"Akuti lonse, ndi za m'khwapa zomwe."

"Nanga atati..."

"Abambo a Lute." Mawu awo anali otsika. "Si lanu ili. Muwauze adokotala kuti mwini wake wavomera."

Anakhala pabedi n'kumuyamwitsa Lute bere lamanja mpaka mwana anagona, mkaka uli pamlomo. Kenako anandiuza kuti nditembenuke ndi kuwerama. Ndisanamvetse chimene chikuchitika, ndinamva kutentha kwa mwana pamsana panga, nsalu ikudutsa m'khwapa, manja awo akumanga mfundo pachifuwa panga. Amayi onse a m'chipindamo anadzuka pamabedi kuti aone bwino. Masiku amenewo mwamuna wobereka mwana kumsana anali chinthu choitanirana.

"Akadzuka mumupatse phala, osati nthochi zanu zija. Musaime malo amodzi, amalira." Anakoka mfundoyo kachiwiri, dzanja lawo linakhala pamenepo pang'ono. Kenako anamwino anawatenga.

Ndinayenda. Ndinazungulira bwalo la chipatala, kuchokera pa mpopi kukafika pa mtengo wa mbawa, kubwereranso pa mpopi. Alonda anandiseka. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandifunsa ngati kwathu akazi anatha. Lute anadzuka, analira, anafunafuna bere pamsana panga, anandiluma, anadya phala pang'ono, anagonanso. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Nthawi yonseyo sindinayankhule ndi munthu. Ndinkangoyang'ana chitseko chimodzi chobiriwira.

Mthunzi wa mbawa utafika pakhonde, namwino wina anatulukira.

"Inu abambo a mwana kumsana!"

Ndinapita pamene anaima, maso ali pankhope pake.

"Ali moyo?"

"Moyo ali nawo, ndi pakamwa pomwe. Asanza, alira, kenako akuonani pawindo. Bwerani kuno, koma musalowe."

Bedi lawo linali pafupi ndi windo. Anali otuwa ngati phulusa, chifuwa chonse chili m'nsalu zoyera, maso otseguka theka. Milomo yawo inagwedezeka. Ndinakanikiza khutu pa waya wa windolo.

"Mutu wa mwana wapendekeka," ananong'ona. "Tsiku lonse mwayenda naye chonchi? Tembenukani. Weramani. Ndikuuzani pogwira."